Chithunzi cha ku Macuti: tenisi, gombe la Beira ndi makolo athu

Nabanda, Mufakose

Moni nonse a m'gulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Sabata yatha tinkalongosola katundu wa malemu bambo athu kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo m'sutikesi yawo yachitsulo imene inkakhala kunsi kwa bedi tinapezamo zinthu ziwiri zimene zandisowetsa mtendere. Choyamba ndi chithunzi chakale kwambiri chimene chikuonetsa bambo adakali mnyamata, atavala kabudula wa khaki ndi malaya oyera, opanda nsapato, ataimirira pamchenga, ndipo kumbuyo kwawo kukuoneka nsanja yaitali yamizeremizere. Kuseri kwa chithunzicho munthu wina analembako ndi pensulo mawu awiri okha, akuti Macuti ndi Beira. Chachiwiri ndi timatabwa tiwiri tofanana, tobowoka pakati, tolumikizidwa m'makona onse anayi ndi zomangira zachitsulo zopotokola ndi zala, ndipo mwana wanga wandiuza kuti chimenechi ndi chopanira raketi ya tenisi.

Bambo anachoka kwawo ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1950 ndipo anagwira ntchito yaukhukhi kwa azungu kwa nthawi yaitali, koma pa moyo wawo wonse sindinawamvepo akutchula tenisi kapena nyanja ya mchere. Ndikupempha amene akudziwa mbiri ya malo amenewa kuti andithandize kumvetsa chimene munthu wa ku Ntcheu ankachita pagombe la Beira, ndiponso chifukwa chimene akanasungira chinthu cha masewera amene sankasewera.

aMwale, Highfield

Pepani ndi maliro, mayi Nabanda, ndipo zikomo potiyambitsira nkhani imeneyi. Nsanja imene mukuionayo ndi ya nyali yotsogolera sitima za pamadzi ya ku Macuti, imene inamangidwa mu 1904 ndipo inapakidwa mizere yofiira ndi yoyera. Kuti timvetse mmene bambo anu anafikira kumeneko, tiyenera kukumbukira kuti dziko lino lilibe nyanja ya mchere, ndipo khomo lake lapafupi lotulukira kunyanja ndi doko la Beira ku Mozambique. Njanji yochokera kudoko limeneli inafika ku Mutare mu 1898 ndi kuno ku Harare mu 1899, motero kuyambira pachiyambi penipeni pa utsamunda mizinda iwiriyi inali yomangika pamodzi. Kwathu ku Nyasaland nako kunalumikizidwa ndi doko lomwelo, makamaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, kotero kuti tiyi wa ku Thyolo ndi fodya wa ku Limbe ankatulukira komweko.

Njira imene inatsegulidwira malonda ndi imenenso inadzakhala njira ya tchuthi. Pofika m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, azungu a ku Rhodesia, dzina lakale la dziko lino, ankakhamukira ku Beira, makamaka pa tchuthi cha mu July chimene ankachitcha Rhodes and Founders, ndipo ambiri ankagona m'matenti ndi m'tinyumba ta ku Estoril, pafupi ndi nsanja yomweyo. Mabanja ambiri sankapita okha, koma ankatenga wophika kapena wolera ana, ndipo poti antchito ochuluka a m'nyumba mu Salisbury, imene tsopano ndi Harare, anali ochokera kwathu, n'zosadabwitsa kuti bambo anu anajambulidwa pamalo amenewo.

Agogo aPhiri, Mbare

Ana anga, mawu awa akundilembera ndi mdzukulu wanga chifukwa maso anga satha kuona zilembo za pa foni, koma mawuwo ndi anga. Iwe mwana wanga Nabanda, zimene wafotokozazo zandibweza kutali, pakuti inenso ndinaponda mchenga umenewo maulendo anayi ndili mnyamata wa m'dimba, ndipo mwina ine ndi bambo ako tinatungapo madzi pampopi umodzi osadziwana.

Tinkanyamuka usiku, tambala asanalire, ine nditakhala kumbuyo pakati pa matenti, mipando yopinda ndi mabokosi a zakudya. Ku Mutare tinkafika dzuwa litatuluka, kenako pachipata ankafuna kuona chitupa changa ndi kalata ya abwana, ndipo tikalowa m'dziko la Apwitikizi tinkadutsa Vila de Manica, Vila Pery kumene tsopano mukuti Chimoio, Gondola, mpaka kutsetsereka ku zigwa za mtsinje wa Pungwe kumene kutentha kunkayamba kukanirira pakhungu. Tsiku loyamba kuona nyanja ija ndinaima chilili, chifukwa ndinkaidziwa nyanja ya kwathu ya ku Salima imene madzi ake ndi oyera ndipo sathawa, koma iyi inali yofiirira ngati thobwa, ndipo masana inkachoka n'kusiya matope mtunda wautali, madzulo n'kubwerera mwaukali mpaka kumitengo.

Tsopano ndinene za tenisi, poti ndi imene wafunsa. Kuno ku Harare bwana wanga anali ndi bwalo kuseri kwa nyumba, ndipo wolisamala ndinali ine. Mabwalo a masiku amenewo sanali a simenti ngati a lero, koma a dothi la pachulu. Tinkakumba chulu, kuphwanya zibuma, kusefa dothilo ndi sefa wa waya, kulimwaza mosalaza, kulithirira ndi keni, kenako kukokapo chigudumu cholemera chachitsulo uku ndi uku mpaka pansi patalimba ngati pakhonde pozira bwino. Dothi la chiswe limagwirana kuposa lina lililonse, ndipo amayi athu ankadziwa kale zimenezi pozira nyumba. Mizere tinkailemba ndi njereza yosungunula, titakunga chingwe kuti isakhote, ndipo muyeso wake sindinauiwale mpaka lero: mafiti 78 m'litali, mafiti 36 m'lifupi, ukonde mafiti atatu pakati.

Kunyanja kuja abwana ndi anzawo ankasewera pabwalo lina la kalabu imene sindiitchula, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo ine ntchito yanga inali kunyamula maraketi, kutola mipira ndi kuyeretsa nsapato zawo za nsalu ndi mankhwala oyera aja. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira ntchito ya timatabwa tako tija. Raketi ya kale inali ya mtengo, ndipo zingwe zake zabwino zinali za matumbo a nyama, motero ikamwa chinyontho cha kunyanja inkapindika ngati chipande. Ukangomaliza masewera unkayenera kuipukuta, kuilowetsa pakati pa timatabwato ndi kumanga zomangira zonse zinayi, apo ayi m'mawa mwake unkaipeza itakhota, ndipo mlandu unkagwera iwe. Mchere nawo sunkachitira chisoni chitsulo, pakuti waya wotchinga bwalo ankadyeka ndi dzimbiri msanga, ndipo mphepo ya madzulo inkaulutsa mpira kotero kuti amene ankapambana ku Salisbury ankagonja kwa eni dera ozolowera mphepoyo.

Nankhoma, Kambuzuma

Agogo, ndamva zonse mwaulemu, ndipo ndikuthokoza kuti mwatiuza zinthu zimene sitikanazipeza kwina. Komabe ndiloleni ndinene chimene chikundivuta mumtima, ngakhale ena sachikonda. Ine sindikuona chifukwa chotchulira zimenezi kuti ndi mbiri yathu ya masewera. Amene ankasewera anali ena, amene ankasambira anali ena, ndipo makolo athu ankapita kumeneko kukasenza katundu ndi kutsuka mbale. Amayi anga analera ana a eni ake pagombe lomwelo kwa masabata atatu, ife atatisiya ndi azakhali ku komboni, ndipo ankatiuza kuti tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo atavala yunifolomu, maso ali pa ana a wina, osaloledwa ngakhale kuviika phazi pamene madona ankasambira. Kwa iwo Beira sinali malo opumulirako, koma inali ntchito yomweyo yochitikira pamalo otentha kwambiri. Ndikuopa kuti tikayamba kuikometsa nkhaniyi, tidzafanana ndi aja amene mpaka lero amalira masiku akale a ku Estoril ngati kuti anali abwino kwa aliyense.

aMwale, Highfield

Mayi Nankhoma, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mbiri ikukuikirani umboni. Ngakhale Apwitikizi ankadzitama kuti kwawo kulibe tsankho ngati la ku South Africa, kumene malamulo anagawa ngakhale magombe potengera khungu, m'dziko la Mozambique munali dongosolo lotchedwa indigenato limene linkaika anthu akuda ambiri pansi pa malamulo apadera mpaka linathetsedwa mu 1961. Munalinso chibalo, ntchito yokakamiza imene tingaifanizire ndi thangata wa kwathu. Choncho ngakhale pakhomo pa kalabu pakanapanda chikwangwani choletsa, ndalama zolembetsera, chilankhulo, zovala ndi chiphaso zinkagwira ntchito ya chikwangwanicho.

Chitsanzo chachikulu cha nthawi imeneyo ndi Grande Hotel ya ku Ponta Gea, imene inatsegulidwa chapakati pa zaka za m'ma 1950 ndipo inkatchuka kuti ndi imodzi mwa mahotela apamwamba kwambiri mu Africa, yokhala ndi dziwe losambiramo la muyeso wa mipikisano ya Olympics. Hotelayo sinapindule konse ndipo inatsekedwa mu 1963, mwa zina chifukwa alendo ambiri ochokera ku Rhodesia sanali anthu olemera kwambiri, koma ogwira ntchito za m'boma, za njanji ndi za m'mafamu amene ankakonda tenti yotsika mtengo kusiyana ndi chipinda chodula. Dziwe lija linapitiriza kugwiritsidwa ntchito kwa kanthawi hotela itatsekedwa kale.

Koma pamene ndikusiyana nanu ndi apa: ngati tinena kuti mbiriyi si yathu, ndiye kuti tavomereza kuti mbiri ya masewera ndi ya ogwira raketi okha. Tenisi ya pa udzu inayamba ku England m'zaka za m'ma 1870, mpikisano wa Wimbledon unayamba mu 1877, ndipo kumwera kwa Africa kuno masewerawa analowera m'madoko, kotero kuti mpikisano woyamba wa dziko la South Africa unachitikira mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja wa Port Elizabeth mu 1891. Mabuku amalemba mayina a opambana, koma palibe bwalo limene linadzisalaza lokha. Luso limene agogo aPhiri afotokoza, losandutsa chulu kukhala bwalo, ndi limene linachititsa kuti masewera a ku England atheke m'dziko la dzuwa ndi chilimwe chotalika, ndipo luso limenelo linali m'manja mwa anthu athu.

Agogo aPhiri, Mbare

Mwana wanga Nankhoma, zimene ananena mayi ako ndi zoona, ndipo ine sindingazitsutse, chifukwa nanenso ndinagona m'kashedi kuseri kwa matenti udzudzu ukundidya, ndipo tsiku lina ndinadulidwa malipiro chifukwa cha mpira umodzi umene unagwera m'ngalande n'kutengedwa ndi madzi. Koma pali mbali ina imene ndikufuna uidziwe, kuti usaganize kuti tinali ngati miyala yosamva kukoma kwa chinthu.

Munthu ukatola mipira zaka zingapo, maso ako amaphunzira ngakhale palibe wokuphunzitsa. Ndinadziwa kuwerenga kwawo zigoli kwachilendo kuja, ndinadziwa kaimidwe ka mapazi, ndinadziwanso kuti wakutiwakuti ndi wofooka kumanzere. Kunyanja kuja madzi akaphwera m'mamawa, mchenga wonyowa unkalimba bwino, ndipo ife anyamata a ntchito, ena ochokera ku Mulanje, ena ku Dedza, tinkapita chapatali kuseri kwa chisitima chakale chimene chinagona pagombe pafupi ndi nsanja ija. Tinkalemba mizere ndi chidendene, tinkakunga chingwe cha asodzi pa timitengo tiwiri, ndipo tinkamenya mpira wothetheka ubweya ndi raketi imodzi yotayidwa pamodzi ndi thabwa losema. Tinkasewera mpaka tione utsi woyamba kumatenti, pamenepo aliyense ankathamangira ketulo yake. Asodzi a Chisena ankatiseka n'kumatifunsa kuti tikuthamangitsiranji kanthu kosadyedwa, ndipo tinkamvana nawo bwinobwino poti chilankhulo chawo ndi cha abale athu a ku Nsanje. Iwowa ndi amene anatiphunzitsa kuopa madzi obwerera, ndi kudziwa malo amene mafunde amakokera munthu pansi.

Ndiye iwe Nabanda, usafulumire kunena kuti bambo ako sankasewera. Munthu sasunga chopanira raketi zaka zonsezi ngati raketiyo sinakhalepo m'dzanja lake.

aChisale, Glen View

Ndine wamng'ono pakati panu, choncho ndilankhula mopepesa. Ndimaphunzitsa ana tenisi Loweruka lililonse, ndipo zimene agogo anena zoti maso amaphunzira ndazionapo ndi maso anga, chifukwa ena mwa aphunzitsi achikuda oyambirira amene ndinawadziwa anayamba ngati otola mipira ndi osamala mabwalo. Ndikufuna ndilumikize nkhani ya kunyanjayi ndi ya kuno kwathu, poti kwa ine ndi chingwe chimodzi.

Dziko lino litalandira ufulu mu 1980, tenisi inayamba kutchuka kwambiri chifukwa cha banja la a Don Black, amene iwo eni anasewerapo ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950 ndipo anakonza mabwalo a udzu pakhomo pawo kuno ku Harare pophunzitsira ana awo, Byron, Wayne ndi Cara. Byron anapambana French Open ya awiriawiri mu 1994, Wayne pamodzi ndi Kevin Ullyett anatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005, ndipo Wayne ndi mlongo wake Cara anapambana limodzi ku Wimbledon mu 2004. Mu 1998 Zimbabwe inagonjetsa Australia kwawo komwe, ku Mildura, mu mpikisano wa matimu a mayiko wotchedwa Davis Cup. Chimene sindidzaiwala ndi cha mu February 2000, pamene timu ya America inabwera ku City Sports Centre ili ndi Andre Agassi, mtsogoleri wake ali John McEnroe. Ndinali mwana wa sukulu, amalume ananditenga, ndipo m'holo monse munali ng'oma ndi nyimbo ngati kubwalo la mpira wamiyendo. Tinagonja 3 kwa 2 pa masewera omaliza enieni, koma tsiku limenelo ana ambiri a m'makomboni tinaona kuti masewerawa tikhoza kuwatcha athu.

Ku Mufakose komwe mukukhala, mayi Nabanda, a Albert Nhamoyebonde anagwira ntchito yaikulu yophunzitsa tenisi ana a m'komboni. Ndipo mu 2011, pa masewera a All-Africa Games amene anachitikira ku Maputo, m'mphepete mwa nyanja yomweyo ya India, Takanyi Garanganga, mwana wobadwira ku Mbare, anatenga mendulo ya golide. Ndikaganiza kuti agogo a ku Mbare ankasewera mobisala pamchenga wa dziko limenelo, kenako mwana wa ku Mbare n'kukaimikidwa pamwamba m'dziko lomwelo, mtima wanga umadzaza.

Nankhoma, Kambuzuma

Achimwene aChisale, zimenezo ndazimva ndipo zandikhudza, makamaka za agogo kusewera kuseri kwa chisitima chija, chifukwa sindinaganizepo kuti zoterozo zinkachitika. Ndikuvomera kuti ndinalankhula ngati kuti makolo athu analibe chawo pagombepo. Komabe funso langa silinathe. Mwana wa ku Kambuzuma lero akafuna kusewera, raketi ndi ya ndalama zingati, ndipo mabwalo aja anamangidwa m'makomboni ali bwanji? Limene lili pafupi ndi kwathu linang'ambika, udzu unamera m'ming'alu, ukonde kulibe, ndipo anthu amayanikapo chimanga. Kale chotchinga chinali khungu, lero ndi thumba, ndipo mdzukulu wa wotola mipira akadali kunja kwa waya.

aChisale, Glen View

Pamenepo sindingakutsutseni, mayi. Ana anga khumi ndi awiri amasinthana maraketi asanu, ndipo mipira timapempha yotha kale kwa osewera a m'makalabu. Chimene chandigwira mtima lero ndi chakuti ife timadikira simenti ndi phula zimene sitingazikwanitse, pamene agogo akutiuza kuti bwalo labwino linkatuluka m'chulu, madzi ndi chigudumu. Agogo, ngati mungalole, ndikufuna ndidzabwere ku Mbare kuti mudzandifotokozere bwino kasefedwe ndi kathiridwe kake, chifukwa kuseri kwa tchalitchi chathu kuli malo ndipo zulu sizisowa.

aMbewe, Dzivaresekwa

Ine ndimayendetsa thiraki pamsewu wa Beira, ndipo mwezi sutha ndisanafikeko, choncho ndiloleni ndikuuzeni mmene malowa alili tsopano. Kuchokera kuno mpaka kudoko ndi makilomita oposa 550, kudzera pachipata cha Forbes ndi Machipanda, kenako Chimoio, Inchope, Nhamatanda ndi Dondo. Tikamadikira katundu masiku awiri kapena atatu, ndimakwera chapa, minibasi ya kumeneko, n'kupita ku Macuti kukapumula. Nsanja ija ilipobe ndi mizere yake, ndipo zotsalira za chisitima chimene agogo akunena zikuonekabe pamchenga, ngakhale dzimbiri lachidya kwambiri.

Masiku a matenti a azungu anatha kalekale. Mozambique italandira ufulu pa 25 June 1975, a Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia mu March 1976, ndipo pambuyo pake kunabwera nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992. M'zaka za m'ma 1980 anthu a kuno amene ankapita njira imeneyo ambiri anali asilikali olondera njanji, msewu ndi paipi ya mafuta. Grande Hotel ija tsopano mukukhala mabanja ochuluka zedi osowa pokhala, mulibe magalasi ngakhale zitseko zake zakale, mitengo inamera pamakhonde apamwamba, ndipo m'dziwe lija amayi amachapiramo zovala ndi madzi a mvula.

Koma gombe lenilenilo silinafe, ndipo ndinganene kuti tsopano ndi pamene lili ndi eni ake. Lamlungu masana mumapeza mabanja a mumzindamo atadzaza, anyamata akusewera mpira wamiyendo pamchenga madzi akaphwera, atsikana akumenya volebo, ena akuthamanga m'mphepete mwa msewu, amayi akuwotcha nsomba ndi nkhanu, asodzi akukoka khoka lawo monga kale. Ku Clube Náutico kumapitabe anthu okonda za pamadzi. Masewera amene ali m'magazi a anthu kumeneko ndi mpira wamiyendo, ndipo timu yawo ya Ferroviário da Beira itapambana ligi ya dziko mu 2016, anzanga a kudoko anakondwera sabata yathunthu. Tenisi sindinaionepo ikuseweredwa pamchenga, koma ana omenya mpira ndi timatabwa ndimawaona.

Chimene chikuopseza malowa tsopano ndi nyanja yomwe. Mzindawu uli pamalo otsika kwambiri, ndipo namondwe wa Idai amene anafika usiku wa pa 14 March 2019, yemwe uja anapha abale athu ku Chimanimani ndiponso mvula yake itasefukiza madzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, anasasula madenga ndi kuzula mitengo yambiri ya m'mbali mwa gombe. Ndinafikako patapita milungu ingapo, ndipo msewu wina wa m'mphepete unali utadyeka, mchenga utalowa mpaka m'mipanda ya nyumba. Pambuyo pake anakonza paki yabwino m'mbali mwa kamtsinje ka Chiveve, yokhala ndi tinjira toyendamo ndi malo osewerera ana, ndipo madzulo kumadzaza anthu.

aMwale, Highfield

Zikomo aMbewe chifukwa cha umboni wa maso. Ndionjezereko kanthu kamodzi kosonyeza kuti tenisi ya dziko lino sinasiyane ndi ndale ngakhale kutsidya kwa nyanja. Mu May 1968 timu ya Rhodesia inapita kukasewera Davis Cup ndi Sweden m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa Båstad, koma anthu otsutsa ulamuliro wa a Ian Smith anachita zionetsero zazikulu mpaka masewerawo analephereka, ndipo anakawamalizira ku Bandol m'dziko la France. Zimenezi zinkachitika m'zaka zomwe zija agogo aPhiri ankalemba mizere ndi chidendene ku Macuti. Ndikupempha kuti amene muli ndi makolo amene anayendako muwafunse akadali moyo, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo nkhani ngati ya agogoyi simungaipeze m'nyumba yosungiramo zakale iliyonse.

Nabanda, Mufakose

Ndawerenga zonse kawiri, ndipo pena ndimaima kuti ndipukute misozi. Agogo aPhiri, mawu anu andikumbutsa chinthu chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku ndili mwana koma osachimvetsa. Pakhomo pathu panali kabwalo kakang'ono kutsogolo kwa nyumba, ndipo bambo sankalola kuti wina aliyense akasamale. Loweruka madzulo ankabwera ndi dothi la pachulu pa wilibala, ankalisefa, ankawaza madzi ndi chitini chobowola, kenako ankagubuduza mgolo wodzaza mchenga uku ndi uku mpaka thukuta litawanyowetsa malaya. Anansi ankati pakhomo pa aBanda mukhoza kudyera nsima pansi. Tsiku lina mchimwene wanga anabwera ndi kampira kobiriwira kamene anatola kusukulu, ndipo bambo anakatenga, anakadunditsa pansi kawiri, anakaponya m'mwamba ndi dzanja lamanzere n'kukweza lamanja ngati akufuna kumenya, kenako anakagwira n'kumubwezera mwanayo osanena kanthu. Ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi zitatu, ndipo ndinkaganiza kuti akungosewera naye.

Mayi Nankhoma, ululu wa mayi anu ndikuumva, ndipo ndikukhulupirira kuti bambo anga analinso ndi wawo, mwina n'chifukwa chake sankaikamba nkhaniyi. AMbewe, ndikupemphani kuti ulendo wotsatira mukandijambulire nsanja ija mutaima chakumadzi, nsanjayo ili kudzanja lamanja, monga mmene ilili pachithunzi cha bambo. AChisale, tsiku limene mukupita ku Mbare mundiuze kuti tidzapitire limodzi, ndidzatenge chithunzichi ndi timatabwati kuti agogo adzazigwire, mwina nkhope ya bambo adzaizindikira.

aMbewe, Dzivaresekwa

Ndamva, mayi. Ndinyamuka Lachiwiri, ndipo ndikayesetsa kufika m'mamawa madzi ataphwera kuti ndikaime pamchenga wolimba umene agogo anena.

Agogo aPhiri, Mbare

Bwerani Loweruka, ana anga, mudzandipeza pakhomo. Iwe aChisale ubwere ndi dothi la pachulu lodzaza chitini kuti ndidzalifinye m'manja, chifukwa si chulu chilichonse chimene chimagwira, ndipo chofiira cha pamtunda chimaposa chakuda cha kudambo. Nabanda, zomangira zija zikakhala kuti zagwira dzimbiri usazikakamize, udonthezerepo mafuta a makina osokera n'kuzisiya usiku wonse. Pomasula uyambe ya kumwamba kumanzere, kenako ya kumunsi kumanja, mopingasa choncho, kuti thabwa lisang'aluke. Ukatsegula uyang'ane mkati mwa timatabwato, pakuti ambiri a ife tinkalembamo dzina la mudzi wa kwathu ndi msomali.